Nungu ndi Mwendo wa Madala

Maliro a mkazi wawo atangotha, Madala anabwerera kuntchito. Abwana anawauza kuti ayambe apuma, koma iwo anati kunyumba kulibe chochita. Ankagwira ntchito pamalo osungira nyama zovulala: kusesa m'makola, kusintha madzi, kuduladula zakudya. Dzina la Madala anawapatsa ndi alonda a pageti, ndipo iwo sanalikane.

M'mawawo anavala ovololo, nanyamula chidebe cha mbatata ndi makoko a mavwende, ulendo ku khola la kumapeto. Mmenemo munali nungu yamphongo imene inabwera ndi bala la msampha. Iwo ali kumaliro, kunabwera yamphongo inanso, ndipo anaiika m'khola loyandikana, pakati pali waya basi. Chiyambire pamenepo yakaleyo sinkagona. Inkangoyendayenda m'mbali mwa wayayo, kuopseza mlendoyo.

Za nungu Madala ankazidziwa bwino. Ana asukulu akabwera, iwo ndi amene ankawafotokozera kuti nungu siyamba n'kubaya. Imayamba yaimitsa minga kuti ioneke yaikulu, kenako imagwedeza za kumchira zija, zolira ngati timiyala m'chitini. Ukapanda kumva, imaponda pansi mwamphamvu n'kukufulatira.

Anatsegula chitseko, nalowa. Nungu inaimitsa minga, thupi lonse n'kufufuma. Iwo anaiona. Inagwedeza mchira, tsetsetse. Anaimva. Inaponda pansi, fumbi n'kubuka, kenako inatembenuka. Madala anangoima, chidebe kumanja, maso ali pa mbale ya madzi imene inali itachita ndere.

"Madala! Tulukanimo!" anakuwa dokotala wa nyama, mayi wachitsikana amene ankadutsa panja pa khola.

Nungu inathamanga chammbuyo n'kuwagunda mwendo, phu! Kenako inakalowa kuuna kwake. Madala anakhuthula mbatata zija pamalo pake, natuluka, natseka chitseko bwinobwino.

Adokotala anawakhazika pa benchi ya m'chipinda cha mankhwala, nadula mwendo wa ovololo ndi sizasi. Minga inali italowa m'katumba, ina itathyokera momwemo.

"Izi ziwawa, bambo. Gwirani benchi."

Anazula umodziumodzi, kuponya m'mbale yachitsulo. Madala ankayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Simukumva kuwawa?"

"Ndikumva kuti mukukoka."

"Kodi simunaione ikuchenjeza? Si inu mumatiphunzitsa zimenezi?"

"Ndinaiona, amayi. Zonse inachita, palibe chimene inadumpha."

"Nanga bwanji simunachoke?"

"Kaya. Zimangokhala ngati zikuchitikira munthu wina."

Mlonda wina anasuzumira pakhomo, nati, "Madala, mwayamba kumera minga? Tikupezereni khola?" Ataona kuti palibe waseka, anachokapo.

Adokotala anatsuka mabalawo, namanga bandeji, nati m'pofunika jakisoni wa kuchipatala cha anthu. Anaimbira foni mwana wamkazi wa Madala, amene ankasoka zovala m'tauni. Mwanayo anafika ulusi udakali pa bulawuzi. Anayang'ana mwendo uja, nayang'ana bambo ake.

"Ababa, mukufuna ndiike maliro enanso?"

"Ayi, mwanangu."

"Ndiye tiyeni."

Asanatuluke, Madala anauza adokotala kuti pa waya paja pakhomedwe malata, nungu ziwirizo zisamaonane, apo ayi yakaleyo iwonda. Adokotala anati auza kalipentala.

Kuchipatala anadikira pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Mwana wawo anawagulira buledi, iwo anangogwira bulediyo m'manja. Atabayidwa jakisoni, mwanayo sanawaperekeze kwawo. Anawatengera kunyumba kwake, nawayalira pa mpando wautali wa pabalaza, pafupi ndi makina osokera.

Kumeneko anakhalako mpaka mabala atauma. Masana mwanayo ankawapatsa zovala zakale kuti azisosola ulusi, iwo n'kumasosola, makina akulira pambali pawo.