Msoko wa m'Chimbale cha Buluu

Ketulo inayamba kuliza likhweru, ine n'kuisiya dala. Ndinaima pakhomo la khitchini, Mwabi ali kumsana, maso anga ali pankhongo ya bambo ake. A Lonjezo anali patebulo lawo la pakona, mayadi atatu okha kuchokera pachitofu, chala chili pakiyibodi, mahedifoni ali lende m'khosi. Ketulo inalira mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anagogoda khoma. Iwo sanatembenuke.

Ndinazimitsa moto, n'kuwapatsa tiyi ngati palibe chimene chachitika.

Linali Lolemba, mwezi wa Febuluwale, 2003, tikukhala ku South B mu Nairobi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene mpingo unatipatsa. Miyezi iwiri m'mbuyomo, titangobwera kuchokera kutchuthi kumudzi, a Lonjezo anadwala malungo, n'kugona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, kwinini akulowa padiripi. Malungo anatha, koma makutu sanabwerere onse. Bingu ankalimva, injini ya lole ankaimva, inenso ankandimva ndikamalankhula nditawayang'ana. Timawu tokwera, ta mbalame, ta makiyi akagwa pasimenti, tinawathawa. Iwo sananene. Inenso sindinafunse.

Vuto linali lakuti ntchito yawo inali ya makutu. Ankapeka ndi kujambula nyimbo pa situdiyo ya mpingo yokonza mapulogalamu a pawailesi, ndipo chilolezo chathu chokhalira m'Kenya chinali chomangiriridwa ku ntchito imeneyo. Ikanatha, tonse atatu tikanakwera basi yobwerera kwathu, makina anga osokera ali padenga.

Masiku ochepa m'mbuyomo Sisitere Immaculata, mkulu wa situdiyo, Amalawi anzathu a ku Dedza, anawapatsa zimbale zitatu zachitsanzo za mawu a mavayolini, zochokera kunja, kuti asankhepo chimodzi pofika Lachisanu. Chosankhidwacho ndicho chidzaimbire pulogalamu ya Njira ya Mtanda, yopita kumawailesi a mayiko anayi. Tsiku limene zinafika, a Lonjezo anandifotokozera mokondwa. Kutsidya kwa nyanja, anati, amasonkhanitsa oliza mavayolini makumi angapo m'holo, n'kuwajambula akuliza noti imodzi imodzi. Iwe ukadina batani pakiyibodi, gulu lonselo limalira m'sipika ngati lakulowera m'nyumba. Koma munthu sangakoke uta mpaka kalekale, ndiye noti yaitali amaijambula pang'ono chabe, n'kulumikiza mathero ake kuchiyambi kuti izingozungulira.

Ndinati ndiye kuti amasoka. Anaseka, n'kuvomera kuti amasoka.

Za kusoka ndinkazidziwa. Sukulu ndinalekeza Fomu 2 mimba ya Mwabi itayamba kuoneka, ndipo chimene ndinatola m'malo mwake ndi sizasi, tepi ndi choko.

A Lonjezo anali atajambula nyimbo yawo imodzimodziyo katatu, pa makaseti atatu, iliyonse ndi chimbale chake: yofiira, ya buluu, yobiriwira. Atamwa tiyi wa Lolemba lija anandiitana kuti ndimve imene aikonda. Inali ya buluu. Anati ndimve kuwala kwake, kuti zinazo n'zamatope.

Ndinamvetsera. Pamwamba pa mavayolini panali kamluzu kobaya ngati mpeni ukamapala mbale ya chitsulo. Ndipo noti iliyonse ikatalika, pankamveka kanthu kena.

"Bambo a Mwabi, iyi ikubaya. Komanso msoko ukumveka."

"Msoko wanji?"

"Noti ikatalika, pakumveka thi, thi, ngati singano ikugunda pini."

Anabwezera, n'kukweza, mutu ataupendeketsa kusipika. Nyimbo inatha.

"Palibe."

"Ulipo."

"Tupo, iwe soka madiresi. Izizi anthu amapitira kukoleji."

Sanakweze mawu n'komwe. Bola akanakalipa, ndikanawayankha. Ndinatenga kapu yawo n'kukaitsuka nthawi yaitali kuposa mmene kapu imafunira.

Ndili pasinki pomwepo ndinazindikira chimene chinkachitika. Munthu wa chimfine amathira mchere wambiri m'ndiwo, n'kumati zakoma. Ya buluuyo anaikonda chifukwa ndiyo yokha inali ndi mphamvu yoboola n'kukafika m'makutu mwawo. Lachisanu akanakaima pamaso pa Sisitere n'kuyamikira chinthu chimene mwana aliyense akanatsekera makutu.

Lachiwiri atapita kuntchito ndinatenga makaseti onse atatu. Ine nsalu sindiigulira pansi pa magetsi a m'shopu. Ndimatuluka nayo pakhomo, padzuwa, n'kuifikisa, n'kuikoka. Chovala ndimachitembenuza kaye ndione mkati. Ndiye nyimbozo sindinazimvetsere pa masipika awo aakulu aja. Ndinaziika m'kawailesi kanga ka m'khitchini, ka chitseko chomanga ndi mphira, chifukwa anthu a Njira ya Mtanda adzamvera pa totere. Ndinayala kansanza kakuda patebulo, ndipo msoko ukamveka ndinkalemba kamzere ndi choko.

Yofiira inalibe msoko, koma inali yowonda, ngati anthu awiri akunamizira kukhala makumi awiri. Ya buluu inandipatsa timizere khumi ndi kamodzi. Yobiriwira, imene iwo ankati yamatope, inandipatsa tiwiri, nato tovuta kupeza. Inalidi yozizira, yosanyezimira. Koma nditaibwereza kachitatu ndinamva chimene chinandiimitsa sizasi m'mwamba: noti isanayambe, anthu ankakoka mpweya. Gulu lonse, pamodzi, fuu, kenako uta. Ndipo penapake cha kumbuyo, mpando wa munthu wina unkalira pang'ono. Ndinamuona munthuyo m'maganizo, bambo wonenepa amene mwina akuganiza za nkhomaliro.

Lachitatu ndinapita ku Eastleigh kukagula nsalu ya pepo, chifukwa Sisitere anali atandipatsa ntchito yosoka nsalu ya paguwa ya nyengo ya Lenti. Pobwera ndinakwera matatu ya namba naini, minibasi zimene nyimbo yake umaimvera m'nthiti, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, Mwabi ali pamiyendo. Ndi Chiswahili changa chothyokathyoka ndinamupempha kuti andiikire kaseti mphindi imodzi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana, n'kuseka, koma anaika.

Ya buluu sinathe theka la mphindi. Mwabi anakwinya nkhope n'kuyamba kulira, bambo wina kumbuyo anafunsa ngati mabuleki atha, kondakitala n'kumenya denga kuti tichotse. Ndinapereka yobiriwira. Dalaivala anafunsa ngati ndi ya maliro, ine ndinati inde, a Yesu. Palibe anaombera m'manja, kunena zoona. Koma palibenso anadandaula, ndipo tinayenda nayo mpaka pa Pangani pamene kondakitala anati basi mama, tibwezereni zathu.

Lachinayi masana a Lonjezo anali pakhomo, akulemba kalata yosankha ya buluu. Ndinagoneka Mwabi, ndinavula epuloni, n'kuika kansanza kanga ka timizere pamwamba pa pepala lawo.

"Sindikufuna mundikhulupirire," ndinatero. "Tsegulani chithunzi chija cha mawu, chooneka ngati chipeso. Ine ndiyang'ana kukhoma. Ndikamva msoko ndigunda tebulo, inu muimitse, muone nokha."

Anafuna kukana. Ndinaona pakamwa pawo. Koma ndinali nditatembenuka kale, mphuno ili pakalendala, dzanja lili patebulo.

Anaika ya buluu, mavayolini n'kuyamba. Thi. Ndinagunda.

Kumbuyo kwanga ndinamva akudinadina, akukulitsa chithunzicho. Anandiuza pambuyo pake kuti pakati pa mizere yosalala panali kamnga kamodzi kowonda, kataima njo, pamalo penipeni pamene ndinagunda. Panthawiyo anangoti tipitirize. Ndinagunda kachiwiri. Kachitatu. Pofika kachisanu ndi chimodzi sanayambitsenso nyimbo.

Nditatembenuka ndinapeza manja awo ali pamaondo.

"Mayi a Mwabi, munadziwa liti?"

Chikwatirane anali asananditchulepo inu tili awiri.

"Ndinkakayika kuyambira kale. Ndinatsimikiza Lolemba, ndi ketulo ija."

"Ketulo yatani?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukhitchini, ndipo nkhope yawo inagwa pang'onopang'ono ngati nsalu yosapanidwa bwino pachingwe.

Ndipamene ananena zonse. Anati kuyambira kuchipatala m'mutu mwawo muli nyenje zosapuma, usana ndi usiku. Anati ankadikira kuti zitha sabata yamawa, sabata yamawa, mpaka anayamba kuwerenga milomo ya anthu pamisonkhano ndi kuseka ena akaseka. Anati Sisitere akadziwa atibweza kwathu, ndipo kwathu woimba wogontha adzatani.

Ndinawauza kuti Sisitere adziwa basi. Chotsala n'chakuti adziwe kuchokera pakamwa pawo mawa, kapena kuchokera kumawailesi a mayiko anayi pa Lachisanu Loyera. Ndinawauzanso za kawailesi kanga ndi za matatu. Za mabuleki zinawaseketsa ngakhale sanafune. Kenako anatenga kaseti yobiriwira n'kuitembenuzatembenuza m'manja.

"Iyi mukumvamo chiyani?"

"Anthu. Akupuma asanayambe."

"Akupuma?"

"Onse pamodzi. Ndipo wina mpando wake ukulira."

Anaiika pansi, anang'amba kalata ija pakati, n'kundifunsa ngati nsalu ya paguwa yatha, chifukwa mawa tipitira limodzi.

Situdiyo inali ku Madaraka, kuseri kwa nyumba ya masisitere. Sisitere Immaculata analandira nsalu, n'kuitembenuza kuona mkati monga ndikanachitira ine, n'kuiika pambali. A Lonjezo anakana mpando. Analankhula chiimire, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, osasiya kanthu: kwinini, nyenje, ya buluu, ngakhale mawu amene anandinena Lolemba. Amenewo sindinayembekezere.

Sisitere anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya velo.

"A Lonjezo, sabata yatha ndinakuitanani katatu pakhonde apa. Ndinauza anzanga kuti Nairobi yamulowa m'mutu mwana wa kwathu, wayamba matama. Ndakalapa kale tchimo limenelo, ndiye mwandilapitsa pachabe."

Anatulutsa kawailesi kakang'ono m'dirowa n'kumvetsera makaseti onse atatu, iliyonse mpaka kumapeto. Pa ya buluu anatsinzina diso limodzi. Pa yobiriwira sanachite kanthu, anangoti a Lonjezo aitanitse zimbale zonse za imeneyo. Kenako ananena mwachidule, monga ankanenera zonse: Lolemba a Lonjezo apite kwa dokotala wa makutu; Njira ya Mtanda aimalize a Lonjezo omwewo; za pambuyo pa Pasaka sakulonjeza kanthu mpaka amve za dokotala.

"Koma makutu awa," anatero akundiloza ndi magalasi, "azibwera tsiku lililonse lojambula. Mwana azisiyidwa kukhitchini kwathu, asisitere okalamba alibe chochita."

Ndinati ine ndi wa Fomu 2. Anati sanafunse.

Dokotala sanatipatse zambiri. Khutu la kumanzere linabwererako pang'ono m'miyezi yotsatira, la kumanja silinabwerenso. Pasaka anadutsa, wina anadutsanso, ndipo Mwabi anayambira sukulu ku Nairobi komweko. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi tsiku loyamba lojambula, zimbale zobiriwira zonse zitafika.

Kachipindako kanali ndi mpando umodzi wa mawilo. A Lonjezo anaukokera kwa ine, iwo n'kukhala pasitulu ya woliza gitala. Anatenga mahedifoni m'khosi mwawo, n'kuwafupikitsa mbali zonse ziwiri chifukwa mutu wanga ndi waung'ono, n'kundiveka mosamala kuti asagwetse duku. Ndinayala pamiyendo kachidutswa ka pepo kotsala pa nsalu ya paguwa. Iwo anaika chikhato cha kumanzere pankhope ya sipika, pamene mawu amanjenjemeretsa nsalu yake, chala cha kumanja chili pakiyibodi.

Sanayang'ane kompyuta. Anayang'ana dzanja langa logwira choko.

Anadina. Kutali, m'holo imene sitidzaionapo, anthu makumi angapo anakoka mpweya pamodzi, ndipo noti yoyamba inatuluka, yaitali. Inazungulira kamodzi, kawiri, katatu. Dzanja langa linali m'mwamba, nsalu ili yosalembedwa, ndipo maso awo sanachokepo.