Malovu a Bambo Pensulo

Foni italira, amayi amene anali pasiwa ku Chipadze anadula nyimbo pakati. Bambo Pensulo anamvetsera nthawi yaitali, kenako anati, "Akuti thupi lija si la mwana wanga."

Nkhani yake inali iyi. Pardon, mwana wawo woyamba, anali korokoza, ankakumba golide m'migodi yakale. Mgodi unawagwera anyamata atatu, ndipo pomwe ankawatulutsa, nkhope zinali zosazindikirika. Achipatala anati masiku ano sitilozanso ndi chala, kuli makina a DNA. Anapaka kathonje m'kamwa mwa abambo atatu. Mabanja awiri anapatsidwa maliro awo. Thupi limodzi linatsala, ndipo ngati mwini wake sapezeka, aboma adzalikwirira pamodzi ndi anthu osowa abale.

"Aleluya!" anakuwa Ratidzo wa nyumba yoyandikana nayo, uja pakamwa pake sipagwa ntchentche. "Ndiye kuti Pardon ali moyo! Mwina ali ku Shamva, akudya ndalama ndi atsikana."

Zelesi, mayi ake a Pardon, sananene aleluya. Iye anali ataona nsapato imene inatuluka ndi thupilo. Chidendene chake anachisoka yekha ndi waya. Ankakumbukiranso chaka chija Pardon asanabadwe, pomwe a Pensulo anatha miyezi ali kufamu ya fodya, iye n'kutsala yekha pakomponi.

Ratidzo sanachedwe kuphatikiza ziwiri ndi ziwiri. Anakanda mnzake pantchafu, n'kunong'oneza mokweza ngati mwa masiku onse.

"Koma amwali, makina aja sanama. Ngati thupi silinalakwike, ndiye walakwika ndi bambo."

Zelesi anadzuka, napita kuseri kwa nyumba. Anakhala pa chidebe. Akapereka malovu ake, amutenga mwana wake, koma Chipadze yonse idziwa. Akakhala chete, Pardon alowa m'dzenje lopanda dzina, popanda nyimbo.

Bambo Pensulo anamupeza pomwepo. Sanakhale pansi.

"Mayi a Pardon, valani nsapato. Tikupita kuchipatala. Akatenge malovu anu."

"Bambo a Pardon, mukudziwa chimene akapeze?"

"Miyezi ndinaiwerenga kalekale, makina asanabwere. Ndinangotseka pakamwa." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ndinamuyendetsa ndine, ndinamumenya ndine, fizi ndinalipira ndine. Lero kathonje kakundiuza kuti ndine mlendo."

"Anthu atiseka."

"Atiseka kale, simukumumva Ratidzo? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wathu wafera kale kuuna. Manyazi anu asamugonekenso mufiriji."

Anatuluka onse awiri, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. Amayi pabwalo anagwetsa maso pansi, makutu ali tcheru. Ratidzo anayamba nyimbo, koma palibe anaipolokera.

Pasiteji, a Pensulo analipira anthu awiri. Iwo anakwera kutsogolo kwa kombi, Zelesi kumbuyo kwenikweni, ndipo njira yonse sanacheuke.

Zotsatira zitabwera n'kutsimikiza kuti thupilo ndi la mwana wa Zelesi, Pardon anaikidwa. Pamtanda a Pensulo analemba okha ndi penti yoyera: Pardon Pensulo. Pobwera kumanda sanalowe m'nyumba. Ananyamula chikwama chawo, n'kunena kuti kufamu kukufunika mlonda.

Mpaka lero Zelesi amasesa pansi pa mpando wawo m'mawa uliwonse, ndipo salola munthu kukhalapo.