Manda a pa Kamphasa

Eneless anaponya kakhasu kake m'lole, napereka dzanja kwa mlongo wake Robson kuti amukoke. Mwendo woyamba unakwera bwino, wachiwiri unakana.

Friday, dalaivala wa khonsolo, Mubemba wa ku Mpika, anabwera akupukuta manja pa ovolosi. "Ndi mbewa mumadya zija, amayi. Zonse zakakhala m'mawondo."

"Choka apa, wodya anyani iwe. Ine lole ndinakwera iwe ukali kuyamwa."

Anthu anaseka, pakuti Mubemba ndi munthu wa kum'mawa kuno amanyozana popanda mlandu. Koma Eneless sananame. Lole anakweradi kale, ndipo tsiku limenelo palibe anaseka.

Panali patapita zaka zoposa makumi anayi. Anthu a boma anafika pa Kamphasa, mudzi wa m'mbali mwa Luangwa kumunsi kwa Chifunda, nanena kuti dziko lonselo lakhala la nyama. Anatentha nyumba ndi nkhokwe, nakatula anthu kumtunda kwa miyala kumene chimanga chimalekeza m'chiuno. Mwezi womwewo Eneless anali ataika mwana wake woyamba, Damaris, amene anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuyenda. Anali asanamete ndi tsitsi la maliro lomwe. Sanamulole kupita kumanda kukauza mwanayo kuti tikuchoka, tikupita kwakuti. Anamusiya choncho, ngati wamuiwala pachitsime.

Manje, mu 1994, boma linali litasintha, ndipo kunabwera mawu atsopano: chiyanjano. Khonsolo ya kuno ndi ya kutsidya kwa mtsinje zinapangana kupepesa eni dziko. Zobwerera kukakhala pa Kamphasa, ayi. Zolima, ayi. Anawapatsa tsiku limodzi lokaona manda, ndi phwando pamwamba. Ambiri anakana, nati pepani wopanda munda akadye yekha. Eneless anavomera msanga. Iye za munda anali atazitaya kale. Ankafuna kupalira pamene pagona Damaris, kumutchula dzina, ndi kumuuza kumene amayi ake akhala zaka zonsezi.

Kuchigwa manda sakhala ndi mitumbira. Madzi akasefukira amasalaza zonse, ndipo mtanda wa mtengo chiswe chimautha mvula isanabwerenso. Anthu amadziwa wawo ndi mitengo. Uyu ali patsinde pa mvunguti, uyo pakati pa mitsanya iwiri, ndipo pamwamba amasiyapo mbale kapena kapu ya malemuyo, ataiboola pansi kuti wina asaitole. Msitu wa manda sautema, sautentha, salowamo ndi nkhwangwa. Damaris anali kum'mawa kwa mtengo wa bwemba wa mphanda, pansi pa kakapu kachitsulo kobiriwira.

"Nanga njovu zikakhala zinagwetsa mtengowo?" anafunsa Robson lole ikudumpha m'maenje. Anali wamng'ono kwa Eneless, koma anayamba kutha mano ndi iye.

"Bwemba ujawo? Njovu ingothyokapo mnyanga."

"Ine atate ndiwapeza ndi fungo la fodya."

"Khala chete, ukawachititse manyazi ndi m'kamwa mwakomo."

Dzuwa la Okutobala linali litafika pamutu pamene lole inatuluka m'mitsanya ndi kulowa pabwalo lalikulu losalala. Panalibe udzu ngakhale umodzi. M'mphepete monse anandandika miyala yopaka laimu, mbee. Pakati panaima chisakasa chachikulu chofoleredwa ndi udzu watsopano, mbendera ikulendewera pamlongoti, ndipo chapambali azimayi a kwaya ochokera ku Chama ankayeserera nyimbo. Kuseri utsi unkafuka pamene ankaphika nyama ya njati m'madiramu odula pakati.

"Njati!" anatero Robson. "Mwana wanga anakhala m'ndende chifukwa cha mwendo umodzi wa imeneyi."

Friday anaimika lole pafupi ndi chisakasa. Eneless anatsika, nayang'ana uku ndi uku. Mtsinje anauzindikira, pokhota paja ankatungapo madzi. China chilichonse chinali chachilendo.

Anabwera kudzawalandira a Meshack Siame, mlembi wa komiti ya chiyanjano, mwamuna wa ku Kabwe wovala tayi m'kutentha konseko. Anagwada pansi ndithu powapatsa moni, mawondo a buluku n'kudetsedwa. Munthuyo anali wabwino, zimenezo tisamunamizire. Anagona m'tenti kuno sabata yonse, udzudzu ukumudya, kuti zonse zikhale bwino.

"Amayi, atate, mwafika kwanu," anatero. "Onani zimene makhonsolo awiri angachite akagwirizana. Anzathu a kutsidya anabwereka gireda, chigalimoto chopala misewu chija. Ife tinabweretsa anthu ndi laimu. Sizinachitikepo. Tiyeni muyambe mwaona manda, akuluakulu asanafike."

Anawatsogolera kumapeto kwa bwalo kumene kunali mpanda wa waya watsopano. Mkati munali timilu tadothi tosesedwa bwino, ndipo pakamulu kalikonse anaikapo mtanda woyera ndi maluwa a pepala.

Anthu a pa Kamphasa anayang'anana. Kenako Robson anakanda kumutu.

"Bwana, apa mwaika ndani?"

"Awa ndiwo manda anu, atate. Tinawapeza tokha."

"Apa ndi patchalitchi. Timilu timeneti ndi zipupa zinagwa. Pamene mwaika mtanda waukulu ndi pomwe tinkakhala ife azibambo n'kumawodzera."

Wina anaseka pang'ono, n'kuleka. Eneless sanali kuyang'ananso mpandawo. Anatembenuka, naika tchalitchi kumbuyo kwake ndi mtsinje kudzanja lamanja, monga ankachitira popita kumanda. Kutsogolo kwake kunayenera kukhala msitu. Kunali bwalo, chisakasa ndi lole.

"Mwana wanga," anatero kwa a Siame, "panali msitu apo."

"Unalipo, amayi, woipa kwambiri. Wowirira, wa minga. Alonda a nyama anati mumagona njati ndi mikango, ndiye sitikanaika alendo pafupi ndi zoterozo. Tinaudula, tinazula zitsa, gireda n'kumaliza. Mitengo sitinataye, ndi imene tamangira chisakasa. Yotsala ndi nkhuni akuphikirazo."

"Munali bwemba wa mphanda."

"Mitengo inali yambiri, amayi."

"Munali mbale. Makapu. Miphika."

A Siame anatembenuka. Anayang'ana bwalo lawo losalala lija, nayang'ananso mayiyo, nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

Anayankha ndi Friday, ali chapatali, chipewa chili m'manja. Nthabwala zinali zitamuthera. "Zinali zobooka zonse, amayi. Anati ndi zinyalala za mudzi wakale. Tinazikweza m'lole, tinakataya mumtsinje, pakuya paja."

Mayi wina anakhala pansi pomwepo nayamba kulira maliro. Bambo wina wokalamba anavula nsapato zake, nazigwira m'manja, osadziwa kuti achite nazo chiyani. Kwathu munthu saponda pamanda. Ndiye onsewo anali atatsika m'lole pamwamba pa makolo awo, atayenda kudutsa bwalo lonse akucheza za njati.

Nthawi yomweyo kunamveka ma Land Rover. Akuluakulu a makhonsolo onse awiri anafika, ndi azungu awiri a bungwe limene linathandiza pa mwambowo. Kwaya inayamba nyimbo. A Siame anagwira dzanja la Robson ndi manja awiri, thukuta likutsika m'khosi.

"Atate, chonde. Ndalakwa kwambiri, ndipo ndidzanena ndekha kuofesi. Koma lero tisasokoneze. Zikamveka pano, azungu achoka, mgwirizano utha, ndipo chigayo ndi mjigo zimene tikupempha m'malo mwanu sizibwera. Tingomaliza mwambowu."

Robson anayang'ana mlongo wake. Mjigo ankaufuna. Kumtunda kuja azimayi ankatunga madzi m'mchenga wa kamtsinje kouma.

"Alongo, titani?"

"Pita ukakhale," anatero Eneless. "Ana akufuna madzi."

"Nanga inu?"

"Ine pansi pa mitengo imeneyo sindikhala."

Ena anapita kuchisakasa akuyenda monyang'ama ngati pansi pali moto. Eneless anazungulira m'mphepete, kunja kwa miyala ya laimu, khasu lili paphewa. Anayesa kuyeza ndi maso. Kale unkachoka patchalitchi, n'kudutsa chulu, n'kulowa mumsitu pa mvunguti wa agogo ake, kenako bwemba kudzanja lamanzere. Koma chulu anachigumula, mvunguti panalibe, ndipo bwalo lopanda mtengo limanamiza maso. Mwina Damaris anali pansi pa tayala la lole. Mwina pamene panali tebulo la akuluakulu. Mwina pamene ankaphikira. Anapita mbali ina nayezanso, ndipo malo anasuntha. Anabwerera, anasunthanso.

M'chimkuzamawu mkulu wina ankawerenga chipepeso. Anati zimene zinachitika kale zinali zolakwika, ndipo sizidzachitikanso. Anati lero mabala apola. Anapempha munthu wamkulu pa onse a pa Kamphasa kuti abwere adzagwirane chanza ndi makhonsolo awiri pamaso pa wojambula. Anaitana dzina la Eneless kawiri. Kenako Robson anaimirira m'malo mwake, napereka dzanja, milomo atatseka.

Eneless anagwada kunja kwa miyala. Panalibe choti apalire, gireda inali itapalira kale. Anaika khasu pansi. Sanadziwe koti ayang'ane, ndiye anangoyang'ana bwalo lonse.

"Damaris," anatero. "Ndine amako."

Kwaya inakweza nyimbo, anthu akuwomba m'manja. Anayambanso mokweza pang'ono.

"Damaris, sitinakuthawe. Anatitenga pa lole. Tili kumtunda, kupitirira Chifunda, pamiyala. Atate ako anamwalira chaka cha chimanga chachikasu. Uli ndi alongo ako atatu ndi mng'ono wako mmodzi. Ndinabwera kudzakuona, koma sindikudziwa pamene uli."

Anadikira, monga munthu amadikirira akalankhula ndi wake. Mphepo inanyamula fumbi la pabwalo n'kumuthira m'maso. Anapukuta ndi chitenje.

Friday anabwera nanjuta pambali pake, patali pang'ono. "Amayi, ndichotse lole pamenepo?"

"Uyichotse uyidutsitse pati? Paliponse pali munthu."

Lole inakhala pomwepo mpaka mwambo unatha.

Nyama ya njati anadya alendo ndi a kwaya. A pa Kamphasa anati m'mimba simuli bwino. Dzuwa litapendeka alonda a nyama anayamba kufulumizitsa anthu, chifukwa chilolezo chinali cha tsiku limodzi ndipo njovu zimatseka msewu madzulo. Eneless anakana kuyenda pabwalo kukakwera, ndiye Friday anayendetsa lole kubwera kumene iye anali, matayala akusiya mizere iwiri pafumbi. Anamunyamula ndi manja kumukweza. Palibe ananyoza mnzake.

Pobwerera Robson anayesa kulankhula. "Mwina mvula ikagwa bwemba uja adzaphuka, alongo. Tidzapempha tsiku lina."

"Anazula chitsa, Robson. Sunamve?"

A Siame anasunga mawu awo, ananena kuofesi. Akuluakulu anawayamikira chifukwa cha chilungamo, n'kuwasamutsira ku boma lina Khirisimasi isanafike. Mjigo unabwera, unagwira ntchito mpaka pamene unathyoka chogwirira. Chigayo sichinaoneke. Tsiku lina lokaona manda silinaperekedwe, pakuti m'maofesi nkhani ya Kamphasa inali yotha, ndipo chithunzi cha Robson akugwirana chanza chinapachikidwa pakhoma m'makhonsolo onse awiri. Bwalo lija, poti linali losalala kale ndiponso pafupi ndi madzi, alenje olemera ochokera kunja anayamba kumangapo matenti awo chilimwe chilichonse.

Eneless anadwala chifuwa patapita zaka zitatu. Atatsala pang'ono kumwalira, ana ake anamufunsa ngati ali ndi mawu. Anati pamanda ake athirepo simenti yochindikala, alembepo dzina ndi msomali isanaume, ndipo pansi pa dzina lake alembenso la Damaris, kuti mwanayo akhale ndi penapake. Simenti sinapezeke. Anaunjikapo miyala.

Inu amene muli m'maofesi manje, tsiku lina adzakutumani kukapepesa anthu ena, chifukwa olakwiridwa sanathe m'dziko muno. Musadzatsogoze gireda ndi laimu. Mukatenge eni ake, ngakhale akhale okalamba oyenda pang'onopang'ono, ayende patsogolo ndi iwo, inu pambuyo, manja ali m'thumba. Chimene simukuchidziwa mufunse musanachikhudze. Chonde, mudzachiteko bwino kuposa apa.