Jekete Lalikulu Mapewa

"Ili ayi," anatero a Charity, atalikweza m'mwamba jekete lakudalo ngati akugula kaunjika. "Mapewa awa ndi a munthu wina. Walter anali wochepa thupi, alamu. Tikamuveka ili, ku Dedza akati tinachita kubwereka."

Edna anali atakhala m'mphepete mwa bedi, m'kachipinda kawo ka ku Barking mumzinda wa London, maso ali pa sutikesi yomwe anali atangoikoka kunsi kwa bediyo. Linali tsiku lachinayi chimwalirire amuna ake. A Walter anagwa Lachiwiri m'mawa pa doko la ku Greenwich, pomwe ankagwira ntchito yomangirira maboti a pamtsinje, ndipo ambulansi inafika mtima utaima kale. Tsono okonza maliro anali atanena kuti zovala zifike isanakwane fili koloko, thupi likonzedwe lisanakwere ndege ya ku Lilongwe.

A Charity anali mlongo wawo wamkulu wa malemuwo, namwino wa ku Romford, ndipo ndi iwo anawaitanitsa onse kuno. Pa zinthu za banja, mawu awo sankagwa pansi.

"Avale suti yotuwa ija, ya kutchalitchi," anapitiriza. "Anthu amamudziwira imeneyo. Ili lipite ndi zovala zinazo, akagawane kumudzi maliro akatha. Mng'ono wake Paterson ndi wamapewa, limukwana."

"Sanalivalepo," anatero Edna motsitsa mawu.

"Ndiye zili bwino kumene. Paterson alandira latsopano."

Nkhani ya jeketelo a Charity ankaidziwa theka lokha. Chilimwe chilichonse sitima zikuluzikulu za alendo zinkabwera kudzaima ku Greenwich, zoyera mbee, zazitali kuposa mafulati. A Walter, chingwe chili m'manja, ankayang'ana anthu ali pamwamba apo, mpaka tsiku lina anabwera kunyumba ndi kabuku kazithunzi. Masiku asanu ndi awiri pamadzi, kupita ku Norway. Anati zaka makumi atatu za ukwati si masewera, nawonso akakhaleko pamwamba, wina awamangirire chingwe.

Kabukuko kankati pa ulendowo pali madzulo awiri a chakudya chaulemu, amuna suti yakuda ndi tayi ya gulugufe, akazi diresi lofika kumapazi. A Walter anachita nazo chidwi ngati mwana wa sukulu yemwe wauzidwa za mayeso. Koma monga munthu wogwira ntchito pamadzi, nkhawa yawo yaikulu inali mphepo. "Azungu awa amajambulitsa mapewa ali pamtunda," ankatero, akuloza zithunzi. "Sakunena zoona. Mphepo ya pamadzi ilibe ulemu, amake Zikomo. Imalowa ndi m'mafupa momwe."

Edna anazengereza chaka choyamba, nati kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito kwachepa anthu. Chaka chachiwiri anati adikire mwana wawo Zikomo amalize kuyunivesite. A Walter ankangoseka n'kusuntha tsiku. Koma zoona zake Edna ankazidziwa yekha. Ankaopa. Iye amene ankasambitsa nkhalamba za chizungu tsiku ndi tsiku, akakhala bwanji nazo tebulo limodzi, mafoloko atatu ali pambali pa mbale? Anaona kuti akangoseketsa anthu. Zimenezi sanawauzepo amuna ake, ndipo ulendo unali utaikidwanso mwezi wa Meyi, masabata asanu ndi awiri okha kutsogoloku. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwambiwo tsopano unali kumuluma iye mwini.

Chomwe chinkamuwawa koposa linali Loweruka lina mu Januwale. A Walter anatulukira kukhitchini atavala jeketelo, tayi ili khotikhoti pakhosi, manja a jekete atameza zala. Edna anaseka mpaka misozi.

"Mukuoneka ngati mwana wavala za bambo ake. Akupusitsani kusitoloko."

"Dikirani kaye, simunaone zonse," anatero iwo, akubwerera kuchipinda.

"Ndachedwa shifiti ine. Mudzandionetsa."

Anatuluka kuthamangira basi. Sanawafunsenso, iwonso sanayambitsenso.

"Alamu, nthawi ikutha," anatero a Charity, akuyang'ana wotchi ya pamkono. "Sitima ya District line Loweruka simuidziwa? Tipinde yotuwayo tizipita."

Edna anagwada kuti atseke sutikesi. M'menemo munatsala malaya oyera akadali m'pepala lake, masokosi okhuthala, ndi kabudula wamkati wofika kumapazi yemwe a Walter ankavala nyengo yozizira. Pansi penipeni panali chinthu chofiirira, chopindidwa bwinobwino. Anachitulutsa.

Inali juzi yopanda kolala yomwe iye analuka yekha ku Dedza mu 1999, amuna ake atatsala pang'ono kunyamuka. Anailuka mothamanga, ndi ulusi wokhuthala ngati wa bulangete, mkono wina n'kutalika kuposa unzake. Kuno anachita nayo manyazi, ndipo kawiri konse anaiika m'thumba la zovala zokataya. Kawiri konse inabwerera yokha m'kabati.

Anatenga jekete m'manja mwa alamu ake osapempha n'komwe. Analiyala pabedi, nalowetsamo juziyo, mkono ndi mkono, n'kumanga batani. Mapewa aja anadzaza. Jekete linakhala bwino lomwe, ndipo juzi sinkaonekera ngakhale pang'ono.

"Sanawapusitse," anatero Edna. "Anagula dala lalikulu. Ankafuna akavale iyi mkati, anthu osaona. Ndi zimene ankati andionetse, ine n'kuthamangira basi."

A Charity anayang'anitsitsa jeketelo. Kenako anakhala pabedi, nagwira mkono wautali wa juzi womwe unali utasuzumira pang'ono, n'kuupindira mkati.

"Chitsiru cha munthu," anatero. "Kuyambira ali mwana, kuzizidwa. Mayi ankachita kumuchotsa pamoto ndi chikoti." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga kumudzi tikati chiyani, akaona munthu wavala tayi ya gulugufe?"

"Mukati anali pa ulendo."

"Paterson adandaula."

"Atenge yotuwayo. Ndi yabwinonso." Edna anakweza mutu, nawayang'ana m'maso, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri. "Alamu, ndinawakaniza zaka ziwiri. Ndinkaopa kusekedwa, basi, panalibe china. Musandikanize ichi."

A Charity sanatsutse. Anaimirira, natenga thumba la suti kuseri kwa chitseko. "Onani m'matumba kaye," anatero. "Anthu aja safuna kupezamo zinthu."

Thumba lamkati munalibe kanthu. La kumanzere munali mpango woyera. Edna atapisa la kumanja, zala zake zinakhudza chinthu chofewa. Anali magolovesi akuda achikopa, aubweya mkati, atsopano, chikwangwani cha sitolo chikadali pomwepo. Anali aang'ono kwambiri, osakwana dzanja la munthu wokoka zingwe za maboti.

Zaka zonsezi ku London, Edna ankaiwala magolovesi paliponse, m'basi, kutchalitchi, kuntchito. Akafika pa siteji n'kuyamba kupuma m'manja, a Walter ankapisa m'thumba osanena kanthu, n'kutulutsa ena.

Atatuluka panja, mphepo ya mu Malichi inali kuomba kuchokera kumtsinje. A Charity ananyamula thumba la suti mosamala kuti lisakhwinyike. Pa siteji ya basi Edna anadula kachingwe ka chikwangwani ndi mano, navala magolovesi aja, chala ndi chala. Anamukwana ndendende.