Wapansi Ndi Masiku Angati?

"Ndi maola awiri okha, amayi," Stélia anatero akupinda zovala. "Kuchoka ku Tete kukatera ku Joni. Inu musanaweruke kumunda, ine ndafika kale."

Chibwerere Valdemar, wogula golide wina, kuno ku Fíngoè ndi nkhani ya ntchito za m'hotela ku Joni, mtima wa mayi Inocência unali m'mwamba. Mwana anali yekhayu, ndiye wina adzamunyamule ngati nkhuku ya pamsika? Anamugwira dzanja mpaka kwa a Cipriano, aphunzitsi oyandikana nawo nyumba.

"Apurufesoro, tandionerani pa telefonipo. Tete ndi Joni n'kutali bwanji?"

A Cipriano anadinadina. "Makilomita chikwi ndi mazana awiri, kuposako pang'ono. Koma umenewo ndi mtunda wa ndege, woongoka ngati chingwe."

"Za ndegezo zisiyeni. Wapansi ndi masiku angati?"

Stélia anaseka. "Amayi inunso! Ndani amayenda wapansi kuchokera ku Joni?"

"Wothawa," anatero mayiwo.

Iwo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene nkhondo inawatulutsa m'mudzi. Anayenda masiku asanu ndi limodzi m'tchire kukalowa m'Zambia, mapazi ali magazi okhaokha. Chiyambire pamenepo, malo alionse ankawayeza ndi miyendo.

A Cipriano anawerengera pa zala, nkhope itagwa. "Mwezi ndi theka, kapena iwiri. Limpopo ndi Zambezi zili pakati."

Stélia sanasekenso.

M'mawa galimoto ya Valdemar inaima pamsika. Rebeca, mnzake wa Stélia wa kukwaya, anali atakhala kale kumbuyo, milomo atapaka zofiira. Mayi Inocência anaima pambali pa mwana wawo. Amene anayamba kufunsa anali Stélia.

"A Valdemar, bilyeti ya ndege yobwerera ili kuti?"

"Yobwerera? Sunapite n'komwe, mwanawe!"

"Nanga pasaporte yanga? Ndiigwire ndekha."

Valdemar anamwetulira, koma maso ake sanamwetulire. Anasisita kachikwama kamene kanali pachifuwa pake. "Mapasaporte ndimasunga ine mpaka kontarato ya ntchito ithe. Kwera, ndege siidikira munthu."

Stélia anali ataponda kale pakhomo la galimoto. Anabweza phazi pang'onopang'ono.

"Rebeca, tsika," ananong'ona. "Chonde, tsika."

"Iwe ndi mantha ako a kumudziwa," Rebeca anaseka. "Ndikakutumizira zithunzi."

Valdemar anaponya chikwama cha Stélia pafumbi, koma pasaporte sanabweze. Galimoto inalowera msewu wa ku Tete.

Mayi Inocência anakumbatira mwana wawo mpaka kumupweteka. Atadzutsa maso, anaona mayi ake a Rebeca kutsidya kwa msewu akubayibitsabe ndi mpango, akuuza aliyense wodutsa kuti mwana wawo wakwera mwayi, ndipo Joni si kutali.