Kabokosi Kosazima

Wamawaya wa ku kampani ya intaneti anali pamwamba pa makwerero pamene mlamu wake anayamba kukalipa pansi. Anthu a mumsewu wonse anali atazungulira polo, mafoni ali m'manja, maso ali pakhomo la mayi wosoka zovala amene anali atangolumikizidwa kumene intaneti.

"Chilowereni mayi ameneyu pa waya wathu, zonse zafa," anatero mlamuyo, mwini golosale ya pakona. "Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Dula wakewo, mlamu, tizipita."

Wamawaya anatsegula bokosi la mawaya pa polopo. Ankadziwa kuti nsomba yowola inalipodi, koma sankadziwa kuti ili m'nyumba iti. Msewu wonsewo unkagawana kaulusi kamodzi kagalasi kopita ku ofesi ya kampani. Kabokosi ka intaneti ka m'nyumba iliyonse kamayatsa kuwala kwake kanthawi kosakwana kuphethira, n'kuzimitsa kuti kanzake kayankhuleko. Makina a ku ofesi amatchera khutu kwa onse, wapafupi wofuula ndi wakutali wonong'ona, aliyense pa nthawi yake. Koma kabokosi kamodzi kakawonongeka n'kumangowala osazima, ena onse samvekanso.

Anayamba kuzula mawaya mmodzimmodzi. Anazula wa wosoka zovala n'kudikira. Palibe chinasintha, ndipo anaubwezera. Wa wometa tsitsi, chimodzimodzi. Pansi anthu ankang'ung'udza kuti kampani inawatumizira munthu wosadziwa ntchito. Wometa anati makasitomala amuthawa chifukwa mpira sukuoneka. Mayi wina anauza wosoka uja kuti anyamule makina ake abwerere kumene anachokera. Wosokayo anangoima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi.

Kenaka Wamawaya anazula waya wa ku golosale. Posakhalitsa mafoni anayamba kulira pansi, uku ndi uku.

"Ndimanena ine," anatero mlamu wake akuomba m'manja. "Galu wamkota sakandira pachabe."

Kuchokera pansi palibe ankaona waya umene unazulidwa. Wamawaya anauyang'ana m'dzanja lake, thukuta likutsikira m'maso. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa golosaleyo, ndipo ankadya patebulo la mlongo wake, mkazi wa mwini golosaleyo. Akanatha kuzulanso wa wosoka uja, n'kudzasintha kabokosi ka mlamu mwakachetechete mawa lake. Palibe akanadziwa. Anayang'ananso pansi. Mnyamata wina anali atalavula malovu pafupi ndi mapazi a mayi uja.

Anatsika pang'onopang'ono.

"Alamu, taonani foni yanu," anatero chapansipansi.

Mlamuyo anayang'ana. Yake yokha inali zii. Anaigwedeza, kuizimitsa, kuiyatsanso, koma ayi ndithu.

"Waya wa mayiwa uli m'malo mwake. Ndazula wanu. Kabokosi kanu ndi kamene sikakuzima."

Gulu lonse linakhamukira ku golosale. Anakapeza kabokosiko atakapanikiza kuseri kwa firiji, atakafunditsa nsalu yochindikala kuopa fumbi. Wometa atakakhudza anachotsa dzanja msanga, n'kunena kuti pamenepa munthu atha kuwiritsapo dzira. Anthu anaseka, ndipo wina anafunsa mwini golosale kuti nsomba ija imanunkhira kuti. Omwe aja ankalalatira wosoka zovala anayamba kulalatira iye. Palibe anapita kukapepesa mayi uja. Iye anali atalowa kale m'nyumba, makina ake akulira.

Mlamuyo anadikira kuti anthu abalalike. Anafunsa Wamawaya ngati pakamwa pake panalibe chitseko, ngati sakanatha kumuitanira pambali monga munthu wapachibale. Wamawaya anati anaganizapo zimenezo, koma mayi uja anatukwanidwa pagulu.

"Ndiye akakudyetse yemweyo," anatero mlamuyo. "Ndinaweta njoka m'nyumba mwanga."

Poweruka madzulo anapeza chikwama chake chili pakhonde, nsapato zili pamwamba. Mlongo wake anatuluka n'kumupatsa bulangete, maso ali kumbali.

"Nawenso, mchimwene, ukanangokhala chete lero lokha."

Wamawaya anakoleka chikwama paphewa limodzi, makwerero paphewa linalo.

"Muwauze alamu kuti mawa ndibwera ndi kabokosi katsopano," anatero. "Ndidzagogoda pakhomo lakutsogolo, ngati mlendo. Achotseretu nsalu ija."