Mzere wa Chiuno cha Alamu

Alamu anga, achimwene a malemu mkazi wanga, anafika kunyumba Lachiwiri masana atanyamula kope la mdzukulu wawo. Chichitikireni maliro anali asanapondeko kwathu, ndiye ndinadziwa kuti pali chimene akufuna.

"Alamu, inu munaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Nditakupatsani madontho awiri, mzere mungaupeze?"

Ndinati ndingaupeze.

Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndipo iwo analumbira pamaso pa akazi awo kuti adzamuperekeza atavala suti ya munthu wopanda mimba. Tsiku limene anayamba kuyenda m'mawa uliwonse, chiuno chawo chinali mainchesi 44. Patatha masabata awiri chinali 43. Ukwati unali pa sabata ya 12.

Ndinalemba (0, 44) ndi (2, 43). Ndinawaonetsa kuti chiuno chatsika inchi imodzi m'masabata awiri, ndiye mzere ukutsetsereka ndi theka la inchi sabata iliyonse. Pansi pake ndinalemba y = 44 − x/2. Iwo sanadikire. Anaika 12 pamalo pa x, n'kumenya tebulo.

"38! Mwaona?"

"Kachiwiriko anakuyezani ndani?"

"Ndinadziyeza ndekha."

"Mukupuma, kapena mutakoka mimba?"

"Alamu, musalowetse nsanje m'masamu."

Ndinawauza kuti madontho awiri alionse amabereka mzere, ngakhale madontho abodza. Ndinawaonetsanso kuti, potsata mzere wawowo, pa sabata ya 88 adzakhala opanda chiuno n'komwe. Anati zimenezo tidzaziona tikadzafika, n'kundikokera kwa atelala kuti ndikakhale mboni.

Atelalawo ndi bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi. Atationa anaimitsa makina, n'kuvula tepi m'khosi. Alamu anabwerera m'mbuyo.

"Za lero musayeze. Sokani 38. Aphunzitsi awa atsimikiza."

Sindinatsimikize kanthu, koma sindinatsutsenso. Atelala anayang'ana pepala, anayang'ana mimba, kenako anayang'ana ine.

"Bwana, nsalu ikadulidwa siphukanso."

"Inu dulani. Sukulu tinapita ndife."

Nsalu imene alamu anabweretsa inali yokwanira suti imodzi basi. Atelala anaipinda, n'kulembapo ndi choko.

Alamu ankayendadi m'mawa uliwonse. Kungoti njira yawo inkathera pa bekale, ndipo munthu akayenda amamva njala. Ndinkawaona akubwerera ndi kajumbo m'manja, akutafuna mwachangu kuti afike pageti ali opanda umboni.

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, tinapita kukayesa suti. Akazi awo anaima pakhomo atapinda manja.

"Ikakana, mawa mukavala ovololo. Ine sindikachita nanu manyazi."

Alamu analowa kuseri kwa katani. Ine ndinkangoyang'ana timapini tomwe tinali pansi. Tinamva kupuma kwamphamvu, kenako zipi, kenako zii. Anatuluka batani lililonse lili m'malo mwake, buluku litagwira bwinobwino. Anatembenuza m'chiuno mwa buluku n'kutionetsa kansalu kolembedwa 38.

"Mayi, werengani nokha! Alamu, mwachita manyazi? Masamu sanama!"

Anatuluka panja kukadziona pagalasi la galimoto, akazi awo akuwalondola modabwa. Atelala anatsegula buku lakale la miyezo, n'kulikankhira kwa ine.

"Aphunzitsi, nanenso ndili ndi madontho anga awiri. Apa ndi suti imene alamu anuwa anavala paukwati wawo: 34. Apa ndi chaka chatha: 44. Wangawu mzere umakwera."

"Ndiye mwasoka zingati?"

"45."

"Nanga kansaluko?"

"Ndamatula pa buluku la wina. Mwini wake sawerenga."

Paukwati sutiyo inawakhala ndithu. Atapatsidwa mpata wolankhula, mwana wawo anamutchula kawiri, ine anandithokoza kasanu. Anauza khamu lonse kuti amene akufuna kuchepetsa thupi asavutike ndi madokotala, apite kwa alamu awo akawalembere ikweshoni ya masamu. Anthu anawomba m'manja. Atelala anali pampando wakumbuyo, akudya mwakachetechete.

Lolemba alamu anabweranso ndi kope lija, komanso chikwama cha m'sitolo. Munali mabuluku atatu atsopano, onse a 36, a mtundu umene ukagula subweza.

"Awa ndi a sabata ya 16, ndawerengera ndekha. Tsopano ndiuzeni, 34 ndidzafika liti? Ndikufuna kuvalanso suti ya ukwati wanga."

Ndinatenga pensulo, n'kuwerengera.

"Sabata ya 20," ndinatero.

Anabwereza okha ndi zala, ndipo yankho linali lomwelo.